Boti Lakale Lisafere pa Mtunda

Alimi anzathu a m'cigwa ca Domasi, a kwa Malemia ndi a kwa Kuntumanji, lero tifuna kuceza nanu za boti. Kapena wina adzafunsa kuti, “Kodi boti lalowa bwanji m'nyuzi ya alimi a cimanga ndi fodya?” Yankho lace siliri patali. Mtsinje wa Domasi, umene uthirira madimba athu ndi mpunga wathu, ukathera m'nyanja ya Chilwa, ndipo m'midzi yambiri ya kumunsi munthu amene agwira khasu m'dzinja ndi yemweyo agwira nkhafi m'cirimwe. Alipo enanso amene sapita okha pa madzi, koma anagula boti ndi ndalama za fodya nalipereka kwa anyamata, kuti matemba azibweretsa ya sopo ndi ya mcere pamene fodya akali ku nazale. Ngakhale iye amene alibe boti, ndiwo zace zituruka m'boti la mnzace.

Mau athu ndi awa: boti lakale, ngakhalenso bwato wosema, ndi cuma ca pakhomo colingana ndi cigafa kapena nkhokwe, ndipo liyenera kukonzedwa caka ndi caka pa nyengo yace, osadikira kuti liyambe kumwa madzi. Palibe mlimi wa nzeru amene adikira kuti fodya akhwime m'munda, ndipo pomwepo n'kuyamba kufuna udzu wofolera cigafa. Koma ambiri a ife ticita zomwezo ndi boti. Tilikumbuka tsiku limene tamva kuti matemba acuruka, ndipo tsiku lomwelo tithamanga ndi nsanza ndi pulasitiki wosungunula, n'kulikankhira m'madzi ana a eni ali momwemo.

Nyanja yopita ndi kubwera

Nyanja ya Chilwa iribe mtsinje woturutsa madzi. Ilandira kucokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe, Sombani, ndi Mnembo wa ku Mozambique, ndipo madzi ace acoka ndi dzuwa ndi mphepo basi. Ndi yosaya, kotero kuti m'malo ambiri munthu ayendetsa boti ndi nsungwi yokankhira pansi. Cifukwa cace mvula ikacepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana, nyanja ithawa. Inauma m'caka ca 1968, inaumanso mu 1995, inaphwa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 maboti a pa doko la Kachulu anakhala pa dothi long'aluka, madzi ali kutali.

Koma nthawi zonsezi nyanja inabwerera. Anthu ophunzira a ku University of Malawi, otsogozedwa ndi Dr. Margaret Kalk, anayang'anira nyanjayi isanaume mu 1968 ndiponso itadzala, ndipo anapeza kuti nsomba zinabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo a kumathiriro, ndi kuti madzi atabwera zinaswananso m'zaka zocepa. M'caka ca 1979 asodzi a pa Chilwa anapha matani oposa 20,000 a matemba, makumba ndi milamba. Itaumanso mu 2018, mvula yamphamvu ya mu March 2019 inaidzaza.

Tsono taonani cimene cicitika kwa boti pa zaka zoumazo. Mwini wace ataya mtima nalisiya pomwe madzi analisiya. Dzuwa la October liumitsa matabwa, mipata itseguka, misomali ilekana ndi thabwa. Mvula ikagwa madzi aima m'kati, nthiti ziyamba kuola, ciswe cikwera kucokera pansi. Mwana acotsa thabwa limodzi, wina acotsa lina la nkhuni. Pamene madzi abwera ndipo nsomba ziyamba kucuruka, mwini boti apezeka alibe boti, nayamba kugwira ganyu m'boti la mnzace amene anakokera lace pa mthunzi.

Mitengo ya boti latsopano iri kuti?

Ena ati, “Likatha tidzakhometsa lina.” Ife tifunsa kuti, ndi mtengo uti? Makolo athu anasema mabwato m'mitengo ikuru-ikuru, monga mbawa, imene inali m'mbali mwa mitsinje yotsika m'mapiri a Zomba ndi Malosa. Yendani lero m'mbali mwa Domasi muwerenge mitengo imene munthu angasememo bwato wokwera anthu atatu. Kuti mbawa ifike msinkhu wotero papita zaka makumi angapo. Wobzala ndi wina, wosema ndi mdzukulu wace. Amisiri okhoma maboti anakonda matabwa a mkungudza wa pa phiri la Mulanje cifukwa suola msanga ndipo ciswe siciukonda. Mtengo umenewu unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'caka ca 1984, koma pamene anauwerenga mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha pa phiri lonse. Mkungudza, mbawa ndi mlombwa ndi mitengo yoletsedwa kudula popanda cilolezo ca a za nkhalango. Cotsala m'misika ndi paini ndi bulugamu, ndipo paini wosathiridwa mankhwala sakhalitsa m'madzi.

Motero boti lakale la matabwa abwino, ngakhale liri ndi zigamba, nthawi zambiri liposa latsopano la matabwa osakhwima. Akuru anati fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Boti liri pa doko ndi lanu. Latsopanolo liri m'mtengo umene sunabzalidwe.

Ndipo ife alimi a fodya tiyenera kubvomereza kuti zigafa zathu zadya kale mitengo yambiri. Mtengo uli wonse wodulidwa m'mbali mwa mtsinje umasula dothi, ndipo dothilo litsika ndi Domasi kukakwirira nyanja imene ndi yosaya kale. Munthu wokonza boti lakale wasiya mtengo umodzi uli ciriri kumtunda.

Nyengo yace ya nchitoyi

Nyengo yabwino ndiyo kuyambira June kufikira August. Pamenepo cimanga ciri m'nkhokwe, mabelo apita ku okushoni ku Limbe ndipo ndalama iri m'manja, nchito ya nazale ndi kugalauza sinakule, ndiponso mwera uli kuomba kotero kuti masiku ambiri pa nyanja sipayendeka bwino. Kunja kuli kouma, koma dzuwa silinafike pong'amba matabwa. Ena adikira December, pamene makoka aletsedwa kuti nsomba ziswane, poganiza kuti boti likhala cabe. Koma December ndiye mwezi wooka fodya ndi kupalira cimanga, ndalama yonse yapita ku fetereza, ndipo thabwa lonyowa siligwira phula kapena utoto.

Yambani ndi kuliyesa

Kokerani boti pa mtunda, mulikhazike pa mitengo itatu kapena inai yogoneka kuti lisakhudze dothi, pansi pa mthunzi kapena pa cisakasa ca udzu kapena ca njedza. Tsukani matope onse ndi mamba a nsomba m'kati ndi kunja, pakuti kuola kubisala pansi pa matope. Palani phula lakale ndi utoto wofundukuka, ndipo likhale masiku angapo kuti liume.

Pamenepo tengani kanyundo ndi mpeni wosongoka. Gogodani thabwa liri lonse: lamoyo lilira mwamphamvu, loola lilira ngati cipika cofumbwa. Bayani ndi nsonga ya mpeni. Ukalowa mosabvuta ngati m'cinangwa cophika, dziwani kuti pamenepo paola. Malo oyenera kuyang'anitsitsa ndi anai. Oyamba ndi msana wa boti, ndiwo mtanda wa pansi umene zonse zigwirapo, kapena matabwa a pansi ngati boti lanu ndi lathyathyathya. Aciwiri ndi nthiti, makamaka kumunsi kumene madzi aima. Acitatu ndi kutsogolo kumene matabwa akomana. Acinai ndi thabwa la kumbuyo pomangira injini. Lembani ndi khala pali ponse mwapeza bvuto, kuti podzalankhula ndi mmisiri muwerengere pamodzi matabwa ndi misomali yofunika, ndi kupangana malipiro nchito isanayambe.

Matabwa, misomali ndi phula

Thabwa loola sacizira ndi utoto. Utoto wonyezimira pamwamba pa thabwa loola ndi cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Dulani mbali yoolayo kufikira mutapeza mtengo wamoyo, ndipo nsonga ya thabwa latsopano ithere pa nthiti. Ngati sikutheka, ikani kathabwa kena m'kati kogwira mbali zonse ziwiri. Thabwalo likhale louma bwino, pakuti laliwisi lifota ndi kupindika, nilisiya mpata mwezi usanathe. Pakani phula kapena utoto wa mafuta pa malo okhudzana musanakhome, cifukwa kumeneko burashi sidzafikakonso.

Madzi a Chilwa ali ndi mcere, ndipo mcerewo uonjezeka nyanja ikamaphwa. Msomali wamba ucita dzimbiri msanga, ndipo dzimbirilo lidya mtengo wozungulira msomaliwo. Mukaona dontho lakuda kapena lofiira pa thabwa, pansi pace pali msomali wodyeka. Gulani misomali ya mkuwa, kapena yokutidwa ndi zinki imene m'sitolo idziwika ndi dzina lakuti galavanaizi. Musasakanize ya mkuwa ndi yacitsulo pa malo amodzi, pakuti m'madzi a mcere citsulo cidyeka msanga cikakhala pafupi ndi mkuwa. Kufupi ndi nsonga ya thabwa boolani kaye kabowo kakang'ono kuti thabwa lisang'ambike, ndipo nsonga ya msomali ikaturukira m'kati muipinde kuti igwire.

Mipata ya pakati pa matabwa itsekedwe ndi thonje lopota kapena cingwe ca thonje coviika m'utoto wa mafuta, cokhomeredwa pang'ono-pang'ono ndi kacitsulo kobuntha. Musakhomere mopyola, cifukwa matabwa ouma adzafufuma akalowa m'madzi, ndipo akasowa pofufumira adzazula misomali. Pamwamba pace pakani phula lotentha. Phulalo litenthedwe patali ndi zigafa, udzu ndi ana, ndipo musathiremo madzi liri pa moto, pakuti lithovoka ndi kutentha anthu. Pulasitiki wosungunula, amene ambiri amkonda cifukwa safuna ndalama, sagwirana ndi mtengo. Aoneka ngati watseka, koma akauma asweka, ndipo abisa bowo kwa mwini wace kufikira tsiku la mphepo.

Nchito ikatha, musathamangire kukasodza. Ikani boti m'madzi osaya masiku awiri kapena atatu kuti matabwa afufume, kenaka mukwezemo anthu kapena matumba a mcenga pafupi ndi gombe, muone pamene padontha.

Bwato wosema nao uli ndi mankhwala ace. Mng'alu kawiri-kawiri uyambira ku nsonga. Boolani kabowo kumene mng'aluwo wathera kuti usapitirire, musoke ndi waya wosacita dzimbiri, muthire phula. Mukafuna cigamba ca lata, yalani pansi pace nsaru yopakidwa phula, ndipo misomali ikhale yoyandikana. Nyanja ikathawa, bwatowo ubvundikiridwe pa mitengo ndi kufoleredwa ngati nkhokwe.

Injini yakale

Maboti ambiri a pa Chilwa ayenda ndi nkhafi ndi nsungwi, koma ena, makamaka onyamula anthu ndi katundu pakati pa Kachulu ndi cilumba ca Chisi, ali ndi injini yomangirira kumbuyo, monga za Yamaha. Injini yotere ikakalamba ifuna kuyang'aniridwa m'zinthu zisanu.

Coyamba ndi pulagi. Imasuleni muone nsonga yace. Ikakhala yofiirira ngati fodya wouma, injini iri bwino. Ikakhala yakuda ndi yonyowa, oilo kapena petulo acuruka. Ikakhala yoyera mbuu, injini itentha mopyola. Ikhalepo ina yatsopano m'boti masiku onse.

Caciwiri ndi petulo. Injini zambiri za mtundu uwu zifuna gawo 1 la oilo pa magawo 50 a petulo, ndiko kuti mamililita 400 pa malita 20, koma tsatani cimene analemba opanga injini yanu. Muyese ndi botolo la muyeso, osati ndi maso, ndipo oilo akhale woyenera injini ya boti, osati wakuda wokhetsedwa m'galimoto. Petulo wa m'dziko muno asakanizidwa ndi ethanol wocokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba nchito. Ethanol akoka cinyezi, cifukwa cace petulo wokhalitsa m'cigubu cosatseka bwino akhala ndi madzi pansi, natseka timabowo ta m'kabuleta. Sefani petulo pothira m'thanki, ndipo injini ikati ikhale miyezi osagwira nchito, cotsani paipi ya petulo iri kulira m'madzi kufikira itazima yokha.

Cacitatu ndi madzi oziziritsa. Kunsi kwa injini kuli kampira kamapiko kamene kapopa madzi. Matope ndi mcenga wa m'nyanja yosaya zikadya msanga, ndipo njedza ndi ndere zitseka polowera madzi. Nthawi zonse yang'anani kamtsinje ka madzi koturuka kumbuyo. Kakacepa kapena kuleka, zimitsani pomwepo. Musalize injini pa mtunda popanda madzi ngakhale kamphindi, pakuti kampirako kapsa.

Cacinai ndi oilo wa ku magiya a pansi. Mukhetseni muone, akaoneka ngati mkaka, madzi alowa, ndipo mphira zotsekera ziyenera kusinthidwa magiya asanadyeke. Cacisanu ndi pulopela. Icotseni muone ngati ulusi wa ukonde wakulungana kumbuyo kwace, pakuti ulusi umenewo ndiwo udula mphira zija. Pakani girizi pa citsulo cace musanabwezere. Injini poisunga iime ciriri, mutu m'mwamba, pa malo ouma. Bvuto likaposa izi, pitani nayo kwa makaniko wodziwa injini za maboti. Kumasula kabuleta pa mcenga ndi mpeni kwaononga injini zambiri.

Zimene ena anena

Tidziwa kuti wina adzati, “Ndalama ya fodya ndi yocepa, fetereza, mbeu ndi fizi ya ana zitenga yonse.” Mau amenewa ndi oona, ndipo sitinena kuti munda ugone cifukwa ca boti. Koma funsani mmisiri mtengo wa boti latsopano, mufunsenso mtengo wa matabwa awiri, kilogalamu imodzi ya misomali ndi citini ca phula, ndipo muwerenge nokha. Bowo losatsekedwa caka cino lidzafuna thabwa lathunthu caka ca mawa, ndi nthiti zitatu caka cinaco. Monga mucita m'makalabu a fodya, eni maboti anai kapena asanu angasonkhe pamodzi kugula phula ndi kuitana mmisiri mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Makomiti a pa doko, amene anakhazikitsidwa pa Chilwa nyanja itauma mu 1995, angathandize kupeza malo a cisakasa cosungiramo maboti, ndipo mlangizi wa za nsomba angakuuzeni kumene kuli amisiri ophunzira, monga aja anaphunzira kukhoma maboti ku Mpwepwe, ku Mangochi.

Wina adzati, “Nyanja idzaumanso, nanga ndibvutikirenji?” Inde idzauma, ndipo idzadzalanso monga inacitira m'zaka zija tawerenga. Cirala cikagwa sititentha nkhokwe cifukwa iri yopanda cimanga caka cimeneco.

Koma cacikuru koposa ndalama ndi moyo wa anthu. Nyanja yosaya iutsa mafunde afupi-afupi ndi olimba mwera ukaomba, ndipo mafundewo amenya pansi pa boti ngati nyundo. Thabwa limene linagwira tsiku la bata licoka tsiku limenelo. Kawiri-kawiri mwini boti ali kumunda ku Domasi, ndipo amene ali pa madzi ndi mphwace, kapena mwana wa mlongo wace, kapena mnyamata waganyu. Ngati m'boti lanu munthu mmodzi nchito yace ndi kukapa madzi ulendo wonse, botilo lakucenjezani kale. Inu eni ace, dzifunseni ngati mungakweremo nokha usiku pamodzi ndi mwana wanu. Ngati iai, musakwezemo mwana wa mnzanu. Ndipo ngakhale m'boti lokonzedwa bwino mukhale cokapira, nkhafi zapadera, ndi majekete oyandamitsa.

Boti loyenera kulisiya

Sitinena kuti boti liri lonse lingakonzeke. Ngati msana waola kucokera kutsogolo kufikira kumbuyo, ngati nthiti zambiri zofewa kotero kuti msomali sugwira, kapena ngati boti lipindika anthu akalinyamula, lafika pa mapeto ace, ndipo kuthirapo ndalama ndi kutaya. Mmisiri woona mtima adzakuuzani zimenezi ngakhale ataya nazo nchito, mverani iye. Boti lotero liphwasulidwe bwino-bwino: matabwa amoyo asungidwe pa sanja kuti akonzere boti lina, misomali ya mkuwa iongoledwe, ndipo zoola zokha ndizo zipite ku moto. Lisagulitsidwe kwa munthu wosadziwa litapakidwa utoto, pakuti wogulitsa boti lotero wagulitsa maliro.

Tsono alimi anzathu, mukamaliza kusankha fodya ndi kumanga mabelo, patulani kangacepe ka boti monga mupatula ya mbeu. Pitani ku doko ndi mpeni ndi kanyundo, muitane mmisiri mwezi wa August usanathe, ndipo pamene muyamba kuthirira nazale boti likhale litakhomedwa, litapakidwa phula, ndi kuyesedwa m'madzi.